Zithunzi zachuluka, malo adzadza: zofunika kudziwa posankha kozisunga pa intaneti

Uthenga woti malo adzadza wakhala ukudabwitsa anthu ambiri amene ali ndi mafoni a Android. Mwini foni sanasinthe kanthu, koma Gmail yasiya kulandira makalata ndipo Google ikumuuza kuti agule malo owonjezera. Gwero la vutoli likudziwika. Kwa zaka zingapo Google Photos inkalola anthu kusunga zithunzi mopanda malire komanso kwaulere, bola zikhale zochepetsedwa pang'ono. Mwayi umenewu unatha pa 1 June 2021. Kuyambira tsiku limenelo chithunzi chilichonse chatsopano chimadya m'ma GB 15 omwe akaunti imapatsidwa kwaulere, ndipo ma GB omwewo ndi amene Gmail, Google Drive ndi Google Photos zimagawana. Kumapeto kwa 2023 ndi kuchiyambi kwa 2024, zosungidwa za WhatsApp nazonso zinayamba kuwerengedwa momwemo.

Amene ali ndi zithunzi mazana angapo akangofufuta mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, vuto latha. Nkhani ndi ina kwa wojambula maukwati ndi zinkhoswe, kwa achinyamata ojambula zochitika za kumpingo, kapena banja lomwe launjika zithunzi za ana kuyambira ali pamsana mpaka kumaliza sukulu. Anthu otere ali ndi ma GB mazanamazana, ena ma TB angapo (TB imodzi ndi ma GB 1,000). Akayamba kufufuza amapeza makampani ambiri olonjeza zofanana, pomwe ntchito zawo n'zosiyana kwambiri.

Sync ndi backup

Chisokonezo chachikulu chili pa mawu awiriwa. Backup ndi kopi yapadera ya mafayilo anu, yosungidwa kwina, yomwe imatsala ngakhale zoyambirirazo zitatayika. Sync ndi dongosolo lopangitsa kuti zomwe zili mufoni, pakompyuta ndi pa intaneti zizikhala zofanana nthawi zonse. Sync ili ngati kalilole: mukamwetulira nayenso amwetulira, mukachoka patsogolo pake nayenso m'menemo mulibe munthu.

iCloud Photos ya Apple imagwira ntchito motere. Mukafufuta chithunzi mufoni kuti mupeze malo, chimafufutikanso pa intaneti ndi pazipangizo zina zonse zolumikizidwa ku akaunti yomweyo. Chimakhala kaye m'malo a zofufutidwa kwa masiku 30, kenako chimapitiratu. Google Photos, OneDrive ndi Dropbox zili ndi khalidwe lomwelo pa mfundo iyi, ngakhale masiku odikira amasiyana. Choncho mwana akaseweretsa foni n'kufufuta chikwatu cha zithunzi, inu n'kuzindikira patapita miyezi itatu, sync siingakuthandizeni. Chimodzimodzinso kompyuta ikagwidwa ndi vairasi yotseka mafayilo kuti mulipire dipo, yomwe akatswiri amaitcha ransomware: mafayilo owonongekawo ndi amene amakwera pa intaneti n'kulowa m'malo mwa abwino aja, pokhapokha ngati kampaniyo imasungabe makopi akale.

Nchifukwa chake funso loyamba kufunsa kampani iliyonse ndi lakuti: ndikafufuta kapena kuwononga fayilo lero, mudzasungabe yakaleyo kwa masiku angati? Ena amasunga masiku 30, ena chaka, ena mpaka kalekale mukawonjezera ndalama.

Facebook ndi WhatsApp tisaziwerengere n'komwe. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya nthawi zonse chimapanikizidwa kwambiri, ndipo chimataya zambiri zobisika mkati mwake monga tsiku lojambula ndi mtundu wa kamera. Pafoni chimaoneka bwinobwino, koma mukafuna kuchisindikiza chachikulu choti mupachike pakhoma, mpamene mumaona kuti chinatha kale.

Kodi chomwe chasungidwacho ndi chithunzi chenichenicho?

Musanayerekeze mitengo, dziwani kaye kuchuluka kwa katundu wanu. Chithunzi cha JPEG cha kamera yabwino chimakhala cha ma MB 5 mpaka 10. Fayilo ya RAW, yomwe ndi zonse zimene kamera yaona zisanakonzedwe, imafika ma MB 25 mpaka 30 pa kamera ya ma megapixel 24, ndipo imaposa pamenepo pa makamera akuluakulu. TB imodzi ingalandire mafayilo a RAW pafupifupi 40,000. Zikumveka zambiri, koma wojambula amene amabwera ndi zithunzi 2,000 paukwati umodzi waidzadza TB imeneyo pa maukwati 20 okha. Mavidiyo ndiye amadya malo mosaneneka: mphindi imodzi ya 4K imatenga ma MB mazana angapo.

Makampani ena amachepetsa zithunzi kuti zitenge malo ochepa. Mu Google Photos muli zosankha ziwiri. Original quality imasunga fayilo momwe ilili. Storage saver imatsitsa chithunzi chachikulu kufika ma megapixel 16 ndi vidiyo kufika 1080p. Kwa zithunzi zongoonera pafoni palibe vuto. Kwa munthu amene zithunzi ndi ntchito yake, kopi yochepetsedwa si backup ya zomwe anajambula, chifukwa zomwe zadulidwazo sizibwereranso.

Pali kanthu kena komwe ojambula ambiri amaiwala. Mukakonza zithunzi mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom Classic, fayilo ya RAW siisintha. Zonse zomwe mwachita, kaya kuwalitsa, kudula, kapena kusankha zabwino, zimalembedwa mufayilo ina yotchedwa catalog, kapena m'timafayilo ta XMP tokhala pambali pa chithunzi. Mukasunga ma RAW okha n'kusiya catalog, zithunzi mudzazipeza koma ntchito yonse yozikonza mudzayambiranso.

Magulu atatu a makampani

Gulu loyamba ndi lodziwika kwa aliyense: Google Photos, iCloud, OneDrive, Dropbox ndi Amazon Photos. Ubwino wake ngwakuti foni imakweza yokha zithunzi, mumaziona kulikonse, mumagawana ndi abale mosavuta, ndipo ena amatha kukupezerani chithunzi mukangolemba mawu ngati "nyanja" m'Chingerezi kapena posankha nkhope ya munthu. Malo aulere ndi ochepa: ma GB 5 ku iCloud ndi ku OneDrive, ma GB 2 ku Dropbox. Ma TB awiri ku Google kapena ku Apple akhala akugulidwa pa madola pafupifupi 10 pamwezi pa mitengo ya ku America. Apple inawonjezera magawo a ma TB 6 ndi 12 mu 2023. Amene amalipira Microsoft 365 Personal kapena Family amakhala kale ndi TB imodzi ya OneDrive. Amazon Photos imapereka malo opanda malire a zithunzi zosachepetsedwa kwa mamembala a Prime m'maiko ena monga America ndi Britain, koma mavidiyo amapatsidwa ma GB 5 okha. Ambiri mwa awa kwenikweni ndi a sync.

Gulu lachiwiri ndi la makampani a backup yeniyeni ya kompyuta, monga Backblaze ndi IDrive. Mumaika pulogalamu pakompyuta, iyo n'kumakweza mafayilo mwakachetechete nthawi iliyonse pakakhala intaneti. Backblaze imatenga zonse za kompyuta imodzi mopanda malire, kuphatikizapo ma hard drive olumikizidwa ndi USB, pa madola pafupifupi 100 pachaka. Koma pali lamulo lomwe lagwetsa ambiri: pa dongosolo lake la nthawi zonse, hard drive yomwe yakhala masiku 30 osalumikizidwa kukompyuta imaonedwa ngati zinthu zake zafufutidwa, ndipo kopi yake imachotsedwa. Nthawiyi ingatalikitsidwe kufika chaka, koma muyenera kusankha zimenezo nokha. Wojambula amene amadzadza hard drive n'kuitsekera m'kabati ayenera kulimvetsa lamuloli asanalipire. IDrive imachita mosiyana: imagulitsa malo oyezedwa, mwachitsanzo ma TB 5, koma mungalumikizeko makompyuta ndi mafoni angapo.

Gulu lachitatu ndi la malo a pikulitsa, omwe poyamba anapangira mabizinesi: Backblaze B2, Wasabi, Amazon S3 ndi ena. Kuno mumalipira pa TB iliyonse, ndipo palibe chokongola choonerapo zithunzi. Mumafunika pulogalamu yokwezera monga rclone, Arq kapena Duplicati, komanso kuleza mtima pophunzira. Mu 2024 B2 ndi Wasabi zinali pa madola 6 kapena 7 pa TB pamwezi. Wasabi imalipiritsa TB yathunthu ngakhale mutasunga zochepa, ndipo fayilo yofufutidwa isanathe masiku 90 imalipiridwabe. Yotsika mtengo kwambiri ndi S3 Glacier Deep Archive ya Amazon, pafupifupi dola imodzi pa TB pamwezi. Mtengo wotsika choncho uli ndi chifukwa chake, ndipo tichiona tikafika pa nkhani yobweza zithunzi.

Masiku angati kuti zonse zikwere?

Makampani ambiri amalemba malonda awo poganizira munthu wa intaneti ya waya yopanda malire. Kwathu kuno masamu ake ndi ena. Makampani a intaneti amakonda kulengeza liwiro lotsitsira zinthu, koma backup imadalira liwiro lokwezera, lomwe nthawi zambiri limakhala locheperapo. Pa liwiro lokwezera la 10 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti), TB imodzi imafuna masiku 9 ndi maola angapo, usana ndi usiku osapuma. Pa 5 Mbps ndi masiku opitirira 18. Pa 2 Mbps ndi masiku 46. Apa tikuwerenga ngati magetsi sazima ndipo netiweki siidukaduka. Wa ma TB anayi achulukitse ndi 4.

Ndiye pali mtengo wa intaneti yeniyeniyo. Kukweza TB imodzi kumadya ma GB 1,000 a bandulo. Pa bandulo ya mufoni, ndalama zimenezo zimaposa kutali zomwe mungalipire kampani yosunga zithunziyo chaka chonse. Mabandulo otchedwa opanda malire nawonso kawirikawiri amakhala ndi mlingo womwe mukaudutsa liwiro limatsitsidwa, ndiye werengani timalemba ting'onoting'ono ta pansi. Kubwera kwa Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti yomwe inayamba ku Malawi mu July 2023 ndi ku Zambia mu October chaka chomwecho, kwapangitsa kuti ena akwanitse zomwe kale zinali zosatheka, ngakhale nayonso imakweza pang'onopang'ono kusiyana ndi momwe imatsitsira.

Zinthu ziwiri zimathandiza. Choyamba, pulogalamu yabwino imapitiriza pomwe inalekezera magetsi akabwera, imalola kusankha maola ogwirira ntchito, ndipo siikwezanso fayilo yomwe ili kale kumeneko ngakhale mutaisuntha chikwatu. Chachiwiri, si zithunzi zonse zomwe zili ndi phindu lofanana. Pa zithunzi 2,000 za ukwati, mwina zomwe zinaperekedwa kwa eni ake ndi 400. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kukweza kaye zosankhidwazo pamodzi ndi ma RAW ake, zotsalazo zizitsatira mpata ukapezeka. Kudikira kuti mudzakweze zonse nthawi imodzi kumachititsa kuti chaka chithe musanakweze ngakhale chimodzi.

Kutalika kwa komwe kuli maseva, makompyuta akuluakulu omwe makampani amasungiramo mafayilo anu, kumakhudzanso liwiro. Microsoft inatsegula malo ake a maseva ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Koma mwayi wosankha dera umapezeka makamaka m'gulu lachitatu lija. Mu Google Photos kapena iCloud, kampani ndi imene imasankha.

Tsiku lobweza

Backup imagulidwa chifukwa cha tsiku limodzi, tsiku lomwe laputopu yabedwa kapena hard drive yayamba kulira tiki-tiki n'kusiya kutseguka. Komabe gawo limeneli ndi lomwe ogula ambiri saliyang'ana.

Kukweza mafayilo pafupifupi kulikonse n'kwaulere. Kuwatulutsa ndi kumene ena amalipiritsa. Ku Amazon S3, kutsitsa TB imodzi kumafika madola pafupifupi 90, osawerengera kandalama kena kodzutsira mafayilo mu Deep Archive. Kumeneko mafayilo sapezeka nthawi yomweyo: mumapempha, n'kudikira mpaka maola 12, kapena maola 48 pa njira yotsika mtengo, ndipo chilichonse chomwe mwaikako chimalipiridwa masiku osachepera 180. Wosunga ma TB anayi amalipira madola anayi okha pamwezi, koma tsiku lowafuna onse pakufunika madola opitirira 300 nthawi imodzi. Kwa wina amene ali ndi makopi ena kunyumba ndipo akuyembekeza kuti tsikulo silidzafika, malondawa ndi abwino. Kwa wofuna kutsegula zithunzi sabata iliyonse, sakumuyenera. B2 imalola kutsitsa kwaulere mpaka katatu kuchuluka kwa zomwe mwasunga pamwezi, ndipo Wasabi siilipiritsa kutsitsa bola musapyole muyeso.

Backblaze ndi IDrive zili ndi njira yotumizira mafayilo anu pa hard drive kudzera mwa onyamula katundu. Ku America zimenezi n'zachangu. Wa ku Lilongwe kapena ku Chipata ayenera kufunsiratu ngati amatumiza kudziko lake, n'kuwerengeranso ndalama zotumizira ndi msonkho wa pachipata.

Kutuluka mu Google Photos kulinso ndi zake. Njira yotengera zonse ndi Google Takeout, yomwe imakupatsani mafayilo a zip akuluakulu, mpaka ma GB 50 iliyonse. Pa intaneti yodukaduka, kutsitsa fayilo imodzi yotero ndi chintchito, ndiye ndi bwino kusankha tizigawo ting'onoting'ono. Mukatsegula mudzapeza kuti mawu ofotokozera zithunzi ndi zina zomwe munasintha zili m'timafayilo tapadera ta JSON, ndipo pamafunika pulogalamu ina yozibwezera m'zithunzimo. Zithunzi sizitayika, koma dongosolo lomwe munazolowera limasokonekera.

Njira yodziwira zonsezi ndi kuyesa zinthu zikadali bwino. Makampani ambiri amapereka masiku oyesera kwaulere. Kwezani chikwatu chimodzi, chitsitseni pakompyuta ina, tsegulani zithunzizo, ndipo onani ngati kukula kwa mafayilo, mayina ndi masiku ake zili momwe zinalili.

Malonjezo a makampani amasintha

Mawu oti "mopanda malire" ndi "kwaulere" ali ndi mbiri yosasangalatsa. Flickr, tsamba losungirako zithunzi, inapatsa aliyense TB yaulere mu 2013. Kampani ya SmugMug itaigula mu 2018, maakaunti aulere anaikiridwa malire a zithunzi 1,000. Microsoft inabweza lonjezo la OneDrive yopanda malire mu November 2015. CrashPlan, kampani ya backup yomwe ojambula ambiri ankaidalira, inalengeza mu 2017 kuti ikusiya kutumikira anthu wamba. Amazon Drive inatsekedwa kumapeto kwa 2023. Mu 2019 MySpace, tsamba lamchezo la pa intaneti, inavomera kuti inataya nyimbo ndi mafayilo ena a zaka zoposa khumi posamutsa maseva. Ndipo pa 10 March 2021 moto unanyeketsa nyumba imodzi ya maseva a OVHcloud mumzinda wa Strasbourg ku France. Makasitomala ena omwe makopi awo anali pamalo omwewo anataya zonse.

Malo osungira zinthu pa intaneti, omwe timawatcha cloud, ndi makompyuta a eni ake ali m'nyumba inayake, ndipo nyumba imapsa, kampani imagulidwa, malamulo amasinthidwa. Pachifukwachi akatswiri amatsatira lamulo la 3-2-1, lomwe analitchukitsa ndi wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh: makopi atatu a chithunzi chilichonse, pa zosungira za mitundu iwiri, imodzi ikhale kutali ndi zinzake. Kampani ya pa intaneti imangokwaniritsa gawo lomaliza lija. Siilowa m'malo mwa hard drive yachiwiri ya kunyumba, yomwe ndi imene ingakubwezereni ma TB awiri tsiku limodzi popanda bandulo.

Kopi yakutaliyo sikuti iyenera kukhala pa intaneti basi. Hard drive yosungitsa kwa mchemwali wanu m'boma lina, yomwe mumaisinthanitsa ndi inzake mukapitako, imagwira ntchito yomweyo, kungoti imatsalira m'mbuyo ndipo imadalira kuti musaiwale. Chofunika n'chakuti kutaliko kukhale kutalidi. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu March 2023, nyumba zoyandikana ku Chilobwe zinapita pamodzi.

Ndani angaone zithunzi zanu?

Makampani onse odziwika amabisa mafayilo ndi chinsinsi cha masamu, chomwe chimatchedwa encryption, kuti wakuba asawawerenge. Kusiyana kuli pa amene akusunga kiyi. Mu Google Photos kiyi ili ndi kampani, ndipo n'chifukwa chake makina ake amatha kuzindikira nkhope ndi zinthu za m'zithunzi. Makina omwewo amafufuzanso zithunzi zoletsedwa ndi malamulo, ndipo nthawi zina amalakwitsa. Mu 2022 nyuzipepala ya New York Times inalemba za bambo wina wa ku San Francisco amene anajambula mwana wake wodwala kuti atumizire dokotala. Akaunti yake inatsekedwa, ndipo apolisi atapeza kuti sanalakwe, siinatsegulidwebe. Makalata ndi zithunzi za zaka zambiri zinapita nayo.

Makampani monga Proton Drive ndi Ente amasiya kiyi m'manja mwanu, kotero kuti iwo eni sangaone kalikonse. Backblaze ndi IDrive zimalola kuika kiyi yanuyanu, ndipo rclone ingabise mafayilo asanachoke pakompyuta. Apple ili ndi njira yosiya kiyi m'manja mwanu yotchedwa Advanced Data Protection, yomwe muyenera kuiyatsa nokha, koma abale athu okhala ku Britain adziwe kuti Apple inaichotsa m'dzikolo mu February 2025. Mtengo wa chinsinsi chotere ngwakuti mukaiwala kiyi, palibe wokuthandizani. Ilembeni papepala, ndipo pepalalo lisakhale m'chikwama cha laputopu yomweyo.

Wojambula wa ntchito akumbukirenso kuti nkhope zili m'zithunzizo ndi za makasitomala ake, nthawi zina ana awo. Pasiwedi yolimba komanso kutsimikizira kawiri polowa mu akaunti ndi udindo wake kwa anthu amenewo.

Malipiro akadukiza

Makampani ambiriwa amalipiritsa m'madola kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard. Ndalama ya kwacha ya Malawi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse cholipiridwa m'madola unakwera tsiku limodzi, ndipo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja mabanki akhala akuika malire pa zomwe khadi lingalipire kunja. Choncho funsani zomwe zimachitika malipiro akakanika: amadikira masiku angati asanafufute, ndipo m'masiku amenewo mungathe kutsitsa zinthu zanu? Kulipiriratu chaka chonse kumachepetsa mwayi woti khadi likanidwe mwezi wina inu osadziwa. Werengeraninso zaka zisanu kutsogolo, chifukwa zithunzi zimangowonjezekera, ndipo gawo lokwanira lero mudzalidutsa.

Google imanena kuti ingafufute zinthu za munthu amene wakhala mopyola malo ake kwa zaka ziwiri, ndipo kuyambira December 2023 ingathenso kufufuta akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Lamulo lachiwirili limakhudza kwambiri mabanja oferedwa, pomwe zithunzi zonse za pakhomo zinali mu akaunti ya malemu ndipo pasiwedi ankaidziwa okha. Google ili ndi Inactive Account Manager, pomwe mumasankhiratu anthu oti adzapatsidwe zinthu zanu akaunti ikakhala chete kwa miyezi yomwe mwatchula. Apple ili ndi Legacy Contact, yomwe imapatsa wosankhidwayo kiyi yapadera yoti adzaipereke pamodzi ndi chikalata cha imfa. Zonse ziwiri ndi zaulere, ndipo zimagwira ntchito pokhapokha mwini akaunti atazikonza yekha akadali moyo.